Mpando woyendetsa mathiraki mu shopu ya magemu pa Mchinji Boma: momwe ntchito ikuyendera

9 Juni

Ndikulemba izi kuti zomwe ndagula, zomwe ndakana ndi zifukwa zake zikhale pamalo amodzi. Anzanga a mashopu a magemu ku Kamwendo ndi ku Kapiri akhala akufunsa, ndiye aliyense aziwerenga yekha pano.

Ntchito yake ndi iyi. Mu shopu yanga muli ma PS4 omwe ntchito yawo ndi mpira basi, kuyambira m'mawa mpaka kutseka. Ndikufuna kuikamo mpando umodzi woyendetserapo galimoto: chiwongolero, mapedulo atatu, giya ndi sikirini yakeyake. Gemu yaikulu ikhala Euro Truck Simulator 2, ya kampani ya SCS Software ya ku Prague, yomwe idatuluka mu 2012 ndipo mpaka lero akuiwonjezerabe misewu. Za mpikisano, monga Assetto Corsa ndi Gran Turismo, zibwera pambuyo. Ziwongolero zimenezi amazitsatsa ndi magalimoto othamanga, koma kuno ndi ku Mchinji. Mwana wokulira m'mbali mwa msewu wa M12 amasiyanitsa Scania ndi Volvo thiraki isanatulukire n'komwe, ndipo chitsegulireni nyumba zatsopano za pachipata cha Mchinji ndi Mwami mu 2022, nkhani za anyamata pa shopu ndi za ma horse ndi ma trailer opita ku Chipata ndi ku Lusaka. Ferrari amangoiona pa foni.

Kusankha gemu kwandichotsera kale ziwongolero zambiri zomwe zili pamsika. Zotchipa zimazungulira madigiri 180 kapena 270, sizikwanitsa ngakhale kuzungulira kamodzi. Ukangochikhudza, thiraki yonse yapotoka. Chofunika ndi cha madigiri 900, chomwe chimazungulira kawiri ndi theka kuchoka kumapeto kwa kumanzere kufika kumapeto kwa kumanja. Popanda zimenezo, kubweza trailer m'mbuyo n'kovuta kwambiri.

China ndi force feedback. Mkati mwa chiwongolero chabwino mumakhala mota yomwe imakoka kapena kukankha manja ako malinga ndi zomwe matayala akutsogolo akukumana nazo mu gemu. Galimoto ikayamba kutsetsereka chimapepuka, ukamatuluka pa kona chimadzibwerera pakati, tayala likagwera m'mphepete mwa tala chimakutsomphola. Pamabokosi a zotchipa amalemba kuti vibration. Kumeneko n'kunjenjemera chabe, komwe kuli kale mu pad ya PS4, ndipo chomwe chimabwezera chiwongolerocho pakati ndi sipuling'i kapena lasitiki. Ogulitsa ena amasakaniza dala mawu awiriwa.

16 Juni

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga ndi kuonera mavidiyo usiku, bandulo ikatchipa. Mphamvu ya mota imafika pa chiwongolero m'njira zitatu, ndipo mitengo imatsatira njirazo.

Yoyamba ndi ya magiya. Ndi momwe ziliri Logitech G29 ndi G920 za mu 2015, komanso G923 ya mu 2020. Mkati muli timamota tiwiri tozunguza giya yaikulu ya mano opendekeka. Mphamvu yake ndi yochepa, imangopitirira 2 Nm pang'ono (Nm ndi muyeso wa mphamvu yozunguza), ndipo poti mano a giya sagwirana popanda kampata, pakatikati pamakhala kamalo komwe sumva kanthu, komanso pa mabampu chimagogoda. Yachiwiri ndi ya lamba, monga Thrustmaster T300 RS ya mu 2014: mota imodzi ya pafupifupi 4 Nm, madigiri 1080, kayendedwe kosalala. T150 ndi T248 zili pakati, lamba ndi giya pamodzi. Yachitatu ndi direct drive, pomwe chiwongolero chimamangidwa pa shafiti ya mota yeniyeniyo, popanda lamba kapena giya. Kale zimenezi zidali za anthu a ndalama zawo, mpaka Fanatec idatulutsa CSL DD mu 2021, ya 5 Nm, yomwe imafika 8 Nm ukagula power supply yaikulu yotchedwa Boost Kit 180. Moza idatsatira ndi R5 ya 5.5 Nm, kenako R3 ya 3.9 Nm.

Aliyense pa YouTube akuti usataye ndalama pa magiya, pirira ugule direct drive. Kwawoko akunena zoona. Wa ku Manchester chikamufera amachibweza pa positi, asanadandaule n'komwe chafika china. Ine mafunso anga ndi ena.

Kodi chigwira pa PS4? Ma console salandira chiwongolero chilichonse, amafuna chomwe chili ndi chilolezo chawo. G29 imagwira pa PS3, PS4, PS5 ndi kompyuta. G920 imaoneka pafupifupi chimodzimodzi koma ndi ya Xbox ndi kompyuta, ndipo apa ndi pomwe munthu angagule chosamuthandiza. R5 ndi ya kompyuta yokha. Ine ndikufunika mbali zonse ziwiri, chifukwa Euro Truck sisewereka pa PS4, pomwe Gran Turismo 7 ili pa PS4 koma pa kompyuta palibe.

Nanga chikawonongeka akonza ndani? Ili ndiye funso lomwe landigamulira nkhani. Kapangidwe ka G29 kadachokera pa G25 ya mu 2006 kudzera pa G27, ndiye zakufa zomwe munthu angachotsemo masipeyala n'zambiri, ndipo mavidiyo ophunzitsa kumasula sikuluu iliyonse alipo. Mnyamata amene amakonza mawailesi ndi mafoni kuseri kwa msika atha kuchitsegula ndi sikuludiraiva wamba. Power supply yake ili panja, ya 24V ndi 1.75A, ndiye magetsi akabwera mwaukali n'kuipsereza, yomwe yafa ndi iyo yokha. Ya T300 ili mkati mwa bokosi la chiwongolero. Direct drive ikafa bolodi, watsala ndi chitsulo cholemera basi. Ndipo kampani yaikulu si chitsimikizo: Endor, eni ake a Fanatec ku Germany, adagwa pa zachuma mu 2024 mpaka Corsair idagula bizinesiyo.

Komanso adzachigwira ndani? Ana a pulayimale alipo pakati pa makasitomala anga. Mota ya 8 Nm galimoto ikagunda khoma imazunguza chiwongolero mwamphamvu yoti itha kupotokola dzanja la mwana amene walowetsa chala pakati. Kufooka kwa G29, komwe anthu amakunyoza, mu shopu ngati yanga ndi chitetezo.

Za ndalama sindichulutsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi madola chimafuna munthu aganize kawiri. Ndatsimikiza: G29 yogwiritsidwapo kale ntchito, ya giya yake. T300 ndingaitenge pokhapokha itapezeka pa mtengo wa chisoni.

28 Juni

Lero nkhani ndi ya miyendo, ndipo ndikuona kuti ndiyo ikhale mutu wa ntchito yonseyi.

Amalume anga ayendetsa mathiraki zaka zambiri pa msewu wa ku Beira ndi wa ku Nacala. Ali pa tchuthi kumudzi ku Mkanda, ndipo atabwera pa Boma ndidawaonetsa vidiyo ya G29 pa foni. Chiwongolero adangochiponyera diso. Adafunsa za buleki.

"Mphwanga, buleki imeneyi imalimba ukamaiponda, kapena imangopita mpaka pansi?"

"Imalimba chakumapeto, malume. Mkati muli kalabala."

"Chakumapeto kokha? Mwendo sudziwa kuti wayenda mtunda wanji. Umadziwa kuti wakankha bwanji. Ukamutsekera dalaivala m'maso n'kumuuza kuti ponda monga unapondera dzulo, akumbukira kulemera kwake, osati pomwe phazi linafika."

Ndidapita kukawerenga, ndipo zomwe ananenazo ndi zomwe othamangitsa magalimoto a pakompyuta amakangana tsiku ndi tsiku. Pedulo imauza kompyuta kuti yapondedwa kudzera m'kachipangizo ka mtundu umodzi mwa mitundu itatu. Mu G29 muli potentiometer, kachipangizo komwe kali kuseri kwa batani la voliyumu pa wailesi yakale: kachitsulo kamakhula pa kanjira ka kaboni, ndipo chomwe kamayeza ndi mtunda womwe pedulo yayenda. Poti kamakhula, kamatha, ndipo fumbi likalowa kamayamba kunama. Mtundu wachiwiri ndi wa maginito, Hall sensor, monga mapedulo a T3PM omwe amabwera ndi T248. Nawo amayeza mtunda, koma palibe chokhulana, ndiye fumbi siliwavuta kwenikweni. Wachitatu ndi load cell. Kameneka kali mu sikelo ya manambala yomwe mavenda amayezera soya ndi mtedza pa Kamwendo: kachitsulo komwe kamapindika pang'ono kwambiri moti diso silingaone, n'kusandutsa kupindikako kukhala manambala. Buleki ya load cell imayeza mphamvu ya mwendo. Ya Thrustmaster T-LCM imalandira mpaka makilogalamu 100.

Phindu lake limaoneka polowa pa kona. Woyendetsa wodziwa amaponda buleki mwamphamvu akadali pamzere wowongoka, kenako amaimasula pang'onopang'ono akamatembenuza, kuti kulemera kwa galimoto kukhalebe pa matayala akutsogolo. Kumasula kumeneko kuti kufanane ulendo uliwonse, mwendo uyenera kukhala ndi chomwe ukukumbukira. Ndi chifukwa chake odziwa amati ukakhala ndi ndalama zochepa uyambe wasintha buleki, chiwongolero chidikire.

Ubwino wa pakompyuta ndi woti utha kusakaniza makampani. T-LCM ili ndi USB yakeyake, ndiye itha kugwira limodzi ndi chiwongolero cha Logitech. Pa PS4 sizitheka. Kumeneko mapedulo amayenera kudutsira m'chiwongolero cha kampani yomweyo. Ndiye dongosolo ndi ili: pano ndiyamba ndi mapedulo a G29 omwewo, load cell ibwera ndalama zikapezeka.

Koma load cell ili ndi lamulo lake. Ukakankha ndi mphamvu ya makilogalamu 50 kapena 60 utakhala pa mpando wa pulasitiki, chomwe chisunthe ndi mpando, buleki ayi. Ngakhale buleki ya G29, ndi kalabala kake kaja, imathawa pa simenti yosalala. Choncho ndalama zomwe ndikadawonjezera kuti ndigule chiwongolero champhamvu ndazipatulira zitsulo ndi wowotcherera.

Za kilatchi amalume adaseka. Thiraki yomwe akuyendetsa pano ilibe pedulo ya kilatchi, ndipo Volvo idayamba kuika giya yodzisintha yokha ya I-Shift mu 2001. Koma minibasi ndi malole a matani atatu omwe anyamata akuno amalota kuyendetsa ndi a manyuwo, ndiye mapedulo atatu akhalabe.

12 Julayi

Chapezeka. Mnyamata wina wa ku Area 25 ku Lilongwe adachiika pa Facebook: G29, mapedulo ndi Driving Force Shifter, giya yomwe nthawi zambiri imagulitsidwa payokha. Adabwera nacho m'bale wake kuchokera ku Johannesburg. Sindidatumize khobiri ndisadachione. Ndidakwera minibasi ndi laputopu m'chikwama, makilomita pafupifupi 110 amenewo.

Kayesedwe kake ndilembe bwinobwino, chifukwa wina adzakufuna. Choyamba ndidawerenga zolembedwa pa power supply kuti ikulandira magetsi athu a 230V. Katundu wina wochokera ku America amakhala wa 110V. Pulagi yake ndi ya ku South Africa, ya mano atatu ozungulira akuluakulu, yosalowa mu soketi zathu za mano a makona, ndiye adaputa ndidagula pomwepo. Pamwamba pa G29 pali kaswitchi ka PS3 ndi PS4. Pa kompyuta kayenera kukhala pa PS4. Ukalumikiza magetsi ndi USB, chiwongolero chimazungulira chokha mpaka kumapeto kwa mbali imodzi, n'kubwerera mpaka mbali inayo, n'kuima pakati. Ichi chidaima chowongoka, chizindikiro chili pamwamba. Chikaima chopendekeka kapena chikasiyira panjira, siyani, kwerani minibasi. G27 idali ndi kagudumu ka pulasitiki kowerengera malo komwe kankang'aluka. Mu G29 adaikamo maginito, ndiye vuto limenelo lidachepa.

Kenako ndidatsegula joy.cpl pa Windows, pomwe pamaoneka mizere yosonyeza pedulo iliyonse. Kuponda kwake n'kwa pang'onopang'ono, ndi dzanja, maso ali pa mzere. Wa kilatchi ndi wa buleki udakwera mosalala. Wa moto, pafupi ndi pamwamba, unkanjenjemera dzanja lisakusuntha.

"Akulu, chimenechi chimakhala pati?"

"Pansi pa bedi, chibwerere sindinachigwiritse kwambiri."

Mapedulo adali opanda chophimba, fumbi lili mbuu m'mipata. Kanali kafumbi chabe, koma mtengo kadautsitsa. Ndidagwedeza chiwongolero m'mwamba ndi pansi kuona ngati shafiti ili ndi pulei, ndidaona zomangira patebulo kuti sizidathyoke, ndidalowetsa magiya onse asanu ndi limodzi ndi rivesi, yomwe umayamba wakanikiza ndodo pansi. Zonse zili bwino. Pobwerera bokosi lidakhala pamiyendo panga; kondakitala ankafuna likwere kumbuyo ndi matumba, ndidakana.

26 Julayi

Chimango. Apa ndiye pomwe padapita nthawi yambiri, ndipo sindikudandaula.

Mpando ndidaupeza kwa ogulitsa masipeyala a magalimoto akufa: wakutsogolo wa Toyota yaing'ono, nsalu yothimbirira koma njanji zake zili zamoyo. Njanjizo n'zofunika kuposa nsalu. Pampando umenewu padzakhala mwana wa Sitandade 6 ndipo pakatha mphindi 20 padzakhala bambo wamtali, ndiye m'malo mosuntha chiwongolero ndi mapedulo, azingokoka kachitsulo kapansi pampando monga m'galimoto.

Wowotcherera wanga ndi amene amapanga mawindo ndi mageti pafupi ndi depoti. Nditamuonetsa zithunzi adayang'ana nthawi ndithu.

"Achimwene, ndiye matayala tiika pati?"

"Siyenda iyi, achimwene. Imangokhala."

"Galimoto yosayenda koma ya buleki yolimba. Chabwino, ndalama ndi zanu."

Miyeso sitidaitenge pa intaneti. Tidaika mpando pa njerwa panja pa shedi yake, ine n'kukhalapo chiwongolero chili m'manja, iye akuzungulira ndi tepi ndi choko. Lamulo lomwe tidatsata ndi la m'galimoto: msana utatsamira, dzanja ukalitambasula, mfundo ya dzanja ifike pamwamba pa chiwongolero, pedulo ukaiponda mpaka pansi, bondo likhalebe lopindika pang'ono. Tidayesanso ndi mwana wake wa zaka 11, mpando titausunthira kutsogolo, ndipo mapazi adafika.

Pansi tidayala machubu a makona anayi a mamilimita 40, awiri aatali ndi opingasa atatu. Zimango zambiri zotchipa zakunja zimakhala ndi mzati umodzi pakati pa miyendo wonyamula chiwongolero. Umenewo tidaukana, chifukwa umatchinga phazi lamanja likamachoka pa moto kupita pa buleki, komanso umagwedera. Tidaimika mizati iwiri, uku ndi uku, n'kuyala chitsulo chafulati pamwamba. Pa mapedulo adadula puleti yochindikala, n'kuipendeketsa, n'kuichirikiza kumbuyo ndi angle iron iwiri yopita pansi mopingasa. Iye ankati zitsulo zachuluka pa kapulasitiki kopepuka chonchi. Ndidamuuza kuti akumangira mapedulo omwe sindidagule. Poyesa ndidakhala pampando n'kukankha puletiyo ndi miyendo yonse iwiri, iye ataika chala pa mfundo ya weludi kuti amve ngati ikusuntha. Sidasunthe.

Pansi pa chiwongolero ndi pa mapedulo a G29 pali mabowo a mabawuti a M6, ndiye zomangira patebulo za pulasitiki zija sitizidalira. Chenjezo: mabawuti akhale aafupi. Lalitali limalowa mpaka kukagunda za mkati. Tidayeza kuya kwa bowo ndi kawaya, n'kudula mabawuti ndi sowo.

Giya ili kumanzere. Pafupifupi zithunzi zonse zomwe ndidaona zili ndi giya kumanja, poti eni ake amayendetsa kumanja kwa msewu. Ife timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja, ndipo dzanja losintha giya ndi lamanzere. Mnyamata akazolowetsa dzanja lolakwika pano, akalowa m'minibasi ayambiranso. Ku mapazi a chimango tidamangako zidutswa za tayala lakale kuti kugogoda kwa magiya kusamveke pa simenti, ndipo mawaya onse adutsa mkati mwa chubu, kutali ndi mapazi a oonerera. Penti ndi red oxide pansi, wakuda pamwamba.

9 Ogasiti

Zonse zalumikizidwa. Pulogalamu ya Logitech G HUB imafuna intaneti poiika, ndiye konzekerani bandulo. Madigiri 900 ayenera kufanana mu G HUB ndi mu gemu, apo ayi chiwongolero cha pasikirini chimatsogola kapena kutsalira cha m'manja. Sikirini ndi TV ya mainchesi 32, yomwe ndaiika pafupi kuseri kwa chiwongolero ndi kuitsegulira game mode kuti chithunzi chisamachedwe.

Mu Euro Truck ndayambira ku Britain, komwe amayenda kumanzere ngati kuno, ndipo thiraki ndasankha ya chiwongolero cha kumanja. Giya ya Logitech ili ndi malo asanu ndi limodzi pomwe mathiraki ambiri a mu gemu ali ndi magiya 12, ndiye batani limodzi la pa chiwongolero ndalipatsa ntchito yosintha pakati pa magiya apansi ndi apamwamba. Ndatsegulanso air brakes simulation, yomwe imachititsa kuti buleki ya mu gemu izidalira mpweya monga ya thiraki yeniyeni.

Magetsi: chiwongolero chimadya mawatsi osapitirira 42, ndiye invata yomwe ilipo kale siimva n'komwe. Yolemera ndi kompyuta ndi TV. Magetsi akazima n'kubweranso, chiwongolero chimayambiranso kudzizungulira chokha kuja, ndipo tsiku loyamba kamnyamata kena kadalumpha mpaka pakhomo. Lamulo loyamba lalembedwa pakhoma: chikamadzizungulira, manja pamiyendo.

Amalume adabwera kudzayesa asanabwerere kuntchito. Adakhala, adasuntha mpando, adafunafuna galasi la pambali ndi dzanja kenako adaseka okha. Adanyamuka ndi trailer ya katundu osazimitsa injini ngakhale kamodzi. Pofika pa depoti ya mu gemu adasankha kupaka kovuta, kobwerera m'mbuyo. Shopu yonse idasiya mpira. Dzanja limodzi adaliika pansi pa chiwongolero, maso pa magalasi a pasikirini, ndipo ankatembenuza pang'ono kwambiri, akangoona trailer yayamba kupita mbali n'kubweza nthawi yomweyo, asanadikire kuti ipindike. Anyamata anga akamayesa zimenezi amazunguza chiwongolero mbali zonse mpaka horse ndi trailer zipsompsonane. Ya amalume idalowa pakati pa mizere bwinobwino.

"Nanga mwachiona bwanji, malume?"

"Kachiwongolero n'kakang'ono, ngati chivundikiro cha poto. Ndipo thiraki imamveka m'chiuno, apa m'chiuno mulibe kanthu. Koma trailer ikuyenda monga imayendera. Taonani izi, ana inu."

Adayamba kuponda buleki mobwerezabwereza thiraki itaima. Muvi wa mpweya pa dashibodi udatsika, chenjezo lidalira, ndipo atafuna kunyamuka thiraki idakana mpaka mpweya utadzadzanso. Adawauza kuti pamtsetse wautali amene amaseweretsa phazi chonchi amafika pansi alibe mpweya, ndi kuti pamenepo ntchito ndi ya giya yotsika ndi retarder, chipangizo chochepetsa liwiro popanda kuponda buleki. Za kukula kwa chiwongolero akunena zoona: cha G29 ndi pafupifupi masentimita 28, pomwe cha thiraki yeniyeni chimapitirira 40. Moza ili ndi cha mathiraki cha masentimita 40, koma chidapangidwira mota zawo.

23 Ogasiti

Mpikisano tsopano. Assetto Corsa, ya Kunos Simulazioni ya ku Italy, ikuyenda bwino pa kompyuta yomweyi. Gran Turismo 7 imafuna kungosamutsa USB kupita pa PS4.

Anyamata amafuna force feedback ikhale pa 100 kuti chiwongolero chizilimbana nawo. Pa mota yofooka zimenezo zimaononga. Gemu ikapempha mphamvu yoposa yomwe mota ingapereke, zonse zapamwamba zimamveka chimodzimodzi: kona yolimba, bampu, kutsetsereka, zonse kulemera kumodzi. Amakutcha clipping. Mu Assetto Corsa muli kawindo ka mapedulo komwe kali ndi mzere wosonyeza zimenezi, umafiira mota ikafika pamapeto. Ndatsitsa gain, mlingo wa mphamvu ya force feedback mu gemu, mpaka kufiirako kuzingooneka mwa apo ndi apo pa makona olimba kwambiri. Chiwongolero chapepuka, adandaula tsiku limodzi, koma tsopano akumva matayala akutsogolo akayamba kuthawa.

Chomwe ndaona: amene adayambira pa thiraki akuchita bwino pa mpikisano kuposa amene adathamangira Ferrari. Adaphunzira kale kuyang'ana patali ndi kuyamba buleki msanga. Enawa amaponda moto mpaka pakona, buleki mpaka pansi, khoma. Ndipo pamenepa ndi pomwe malire a buleki ya potentiometer ayamba kuonekera. Anyamata awiri omwe akutsogola amadutsa kona yomweyo mosiyanasiyana ulendo uliwonse, osati chifukwa chosadziwa njira, koma phazi lilibe pogwira pakati pa kufewa kwa sipuling'i ndi kulimba kwa kalabala.

13 Seputembala

Mphepo ya fumbi yayamba, ndipo kunjenjemera kwa pedulo ya moto kuja kudakula mpaka thiraki inkalira injini yokha phazi lili pambali. Tidatsegula ndi mnyamata wa mawailesi uja. Masikuluu ndi ambiri, ena obisika pansi pa kachingwe ka mano kogwirira kapeti, ndipo potsegula muyenera kusamala mawaya opyapyala omwe amamangiriridwa ku chivundikiro. Pedulo iliyonse ili payokha, ndi sipuling'i yake m'kachubu ndi potentiometer pambali. Adapopera contact cleaner pakampata, n'kuyendetsa pedulo ndi dzanja kangapo, n'kudikira kuti iume. Mafuta opopera pa maloko ndi mabawuti musaikemo, amakoka fumbi lina. Mzere wa pa joy.cpl ukukwera mosalala tsopano. Tayeretsa onse atatu poti tidatsegula kale, ndipo telala wasoka chophimba cha chitenje chomwe chimavala mapedulo ndi chiwongolero tikatseka.

Pakhoma pawonjezeka malamulo awiri: nsapato za matope zitsale pakhomo, ndipo giya silowa ndi ndewu. Pawonjezekanso chiganizo chomwe ndidachilemba makolo awiri atandifunsa ngati ana awo angatengere pano layisensi: ino si sukulu yoyendetsa galimoto, layisensi imachokera ku Road Traffic. Mpandowu umaphunzitsa dongosolo la mapazi, magalasi ndi kaganizidwe ka trailer. Suphunzitsa kabaza wotulukira mwadzidzidzi pa Waliranji tsiku la msika.

Makasitomala omwe sindidawayembekezere ndi madalaivala ndi othandizira awo omwe akudikira mapepala pachipata. Amabwera madzulo, ndipo ambiri safuna thiraki, amati akwana nayo. Amafuna mpikisano.

Zotsala: kutentha kwa Okutobala pansi pa malata kukubwera, ndiye ndiika kafani kowuzira pa bokosi la chiwongolero ndi kupumitsa mpando masana. Ndalama za mpandowu ndikuzisunga padera kuti zigule T-LCM. Munthu amene amabweretsa katundu pa basi kuchokera ku Johannesburg wandiuza kuti ndimupatse dzina lenileni ndi chithunzi cha bokosi kumapeto kwa mwezi, msonkho wa pachipata tiwerengera pamodzi. Mabowo a T-LCM sagwirizana ndi a Logitech, ndiye puleti ifunika kuboolanso. Wowotcherera wati tiboole mbali ina ya puleti yomweyo kuti mapedulo a G29 azibwerera pamalo pake tsiku la Gran Turismo, ndipo m'malo mwa manati wamba tiike a mapiko omasula ndi dzanja.